Marjorie Wavula Epuloni ya Mtovu

Chibanja, Mzuzu
9 Malichi 2023

Mwana wanga Marjorie,

Monire. Ine ndi mlongo wangayu, ankhazi ako a Esme, tili makora, kupatula mawondo angawa amene amadziwa za mvula a zanyengo asanalengeze. Kaya iwe ku Joniko? Chipitireni Khirisimasi sunandilembere. Ukaimba foni ndimangomva ngati munthu akukazinga chimanga kuseri kwa nyumba, ndiye ndimangoti "eya, eya" kuti usakhumudwe. Makutu angawa ukuwadziwa. A Salumu, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Mzuzu ndi Joni, akunyamuka Lachisanu, ndiye ndati kalatayi ikwere nawo.

Lamulungu lapitali tikutuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo wina anandifunsa kuti, "Kodi a Longwe, mwana wanu uja ndi dokotala weniweni kapena amangojambula ekisireyi?" Magazi anandiwira. Ndinamuimika pakhonde pomwepo ngati mwana wochedwa kusukulu. Ndinati, "Tamverani. Mwana wanga amaboola kabowo kochepa ngati diso la usipa, kulowetsa kawaya mumtsempha wa magazi, n'kumakayendetsa akuyang'ana pa sikirini mpaka kakafike pamene pali vuto. Pamene ena akanang'amba mimba yonse, iye amangomata kapulasitala, munthu mawa lake n'kumapita kwawo." Iye anati, "Zoona zimenezo?" Ndinati, "Zaka zonse ndaphunzitsa mumzinda muno munandimvapo ndikunama?" Anthu anaseka, iye anakwera njinga yake.

Koma nditafika kunyumba ndinayamba kudzikayikira. Undilembere undikonze ngati ndinaphonya pena, ndisamaname pakhomo pa nyumba ya Mulungu.

Timabatire ta kamakina ka m'khutu tatha. Ukapeza mpata unditumizireko, pamodzi ndi juzi yokhuthala, chifukwa Juni wa ku Mzuzu sasekerera nkhalamba. Koposa zonsezo ndikufuna nkhani zako.

Adada ako,
Joel Longwe

Johannesburg
2 Epulo 2023

Adada,

Monire, adada. Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaseka ndekha poganizira nkhope ya mkulu wa mpingo uja. Munalongosola bwino chomene. Pali chimodzi chokha chimene simunanene, chifukwa sindinakuuzenipo.

Kuti ndione kumene waya akupita, makina a ekisireyi amakhala akuyaka, ine nditaima pambali pake. Kuti cheza chake chisandiwononge ndimavala epuloni ya mtovu, yolemera ngati mwana woti wayamba kuyenda. Ndaibereka zaka zambiri, m'mawa mpaka madzulo, nditaweramira odwala. Tsopano yandiphwanya khosi. Mafupa a m'khosi akupana mtsempha wopita kudzanja lamanja, zala ziwiri zimachita dzanzi. Mu Januwale ndili pakati pa ntchito, waya ali m'thupi la munthu, ndinazindikira kuti sindikumumva m'zala mwanga. Ndinapatsa mnzanga kuti amalize, ine ndinakalira kuchimbudzi. N'chifukwa chake ndinakhala chete, adada.

Madokotala anzanga andiyeza ndipo sanandibisire. Ndikapitiriza kuvala epuloniyi dzanja lifa. Ndipo m'chipinda chija munthu salowamo wopanda epuloni. Ntchito imene mumandinyadira nayo ija yatha.

Patsogolo panga pali njira ziwiri. Kampani ina kuno ikufuna ndizikhala pampando n'kumawerenga zithunzi za sikani pa kompyuta, malipiro ake oposa a pano. Njira ina ndi yobwerera kwathu. Chipatala cha mishoni chija cha kufupi ndi Kaning'ina chandiyankha kuti chingandilandire. Mtima wanga uli kwathu, sindibisa. Koma ndinu amene munandikweza basi ya ku Joni mutanyamula chikwama changa pamutu anthu akuona, ndiye sindisuntha musananene nokha kuti "bwera."

Nyumba ndikukhalayi ndi ya chipatala, ndiyenera kutulukamo, choncho katundu wina ndatsogoza ndi a Salumu. Juzi ndi timabatire zili m'chikwama chofiira. Kasutikesi kakudako musakatsegule ndipo musakasanjikize kanthu pamwamba.

Mundiyankhe, adada. Ndikudikira.

Mwana wanu,
Marjorie

Chibanja
29 Epulo 2023

Marjorie mwana wa achimwene anga,

Mayo ine, Marjorie! Ndikulemba mofulumira, ukhululuke zilembozi. Ndine ankhazi ako a Esme. Sindinafune foni, chifukwa pafoni iwe umangoti "ndili bwino, ankhazi, ndikulowa ku fiyeta," n'kudula.

A Salumu anachedwa pa boda, afika sabata yathayi. Titaona matumba akutsitsidwa pageti, mabulangete ako, mapoto ako, ngakhale chithunzi cha malemu amama ako chimene sunasiyanepo nacho, ndinadziwa kuti kwaipa. Ine ndinabadwira ndi kukulira ku Chintheche, mwana iwe. Ndaona amuna ambiri a kwathu akupita ku Joni. Munthu wamoyo amabwera ndi katundu wake. Katundu akatsogola yekha timadziwa chimene chikubwera m'mbuyo. Ndinawakokera pambali a Salumu kuti andiuze zoona. Anazengereza, kenako anati anakupeza utavala chinthu choyera chogwira khosi, ndipo waonda. Basi, ndinakhala pansi pomwepo.

Kalata yako adada ako anaiwerenga kawiri, n'kundipatsa. Za khosi ndi zala tamva, koma ife si ana. Munthu amene wakhala zaka zonsezi pambali pa moto wa ekisireyi, anzake n'kumuuza kuti thupi silingathenso, iye n'kumapempha kubwera kwawo, akutanthauza chiyani? Wachita bwino kutinyengerera, ndiwe mwana waulemu kuyambira kale, koma matenda aja tawadziwa ngakhale sunawatchule.

Adada ako sanalire. Anasita shati yoyera, anavala tayi, m'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chintheche kukanena matenda kwa amalume ako. Mwambo ukuudziwa. Mwana akadwala kwambiri, a kuchikazi amayenera kuuzidwa akadali moyo, apo ayi tsiku la maliro amakufunsa kuti munatibisiranji, ndipo mlandu wake sutha. Apita khomo ndi khomo, nkhalamba ija ndi mawondo ake aja. Abwera dzulo atatopa, sanadye.

Chipinda chako ndakonza, chija cholowa dzuwa m'mawa. Matiresi ndi atsopano. Amayi a Umanyano, aja a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, agawana kale masiku odzakusamala, ndipo Lachinayi lapitali tinakupempherera mpaka mawu anatisasa. Wina anati, "Mwana amene wapulumutsa anthu a eni ake kunjako, Chiuta angamutaye?" Tonse tinalira. Kasutikesi kakuda kali pansi pa bedi langa, sindinakakhudze. Ndikudziwa kuti ndi zovala zimene wasankha.

Bwera msanga, mwana wanga, usadikire kuti akunyamule. Adada ako akuti ulendo uno sangathe kugwira cholembera.

Ankhazi ako,
Esme

Johannesburg
21 Meyi 2023

Adada ndi ankhazi,

Monire nonse. SINDIKUFA! Ndalemba ndi zilembo zazikulu kuti ankhazi asafune magalasi. Kalata yawo isanafike n'komwe, amalume a ku Chintheche anandiimbira foni akulira, akuti ndiwakhululukire za mbuzi ija anandimana ndili mwana. Ndinaganiza kuti aledzera. Kalata itafika ndinaseka mpaka khosi linandipweteka, kenako ndinalira poganiza za inu, adada, mukuyenda khomo ndi khomo ndi uthenga umenewo mumtima. Pepani chomene. Ndilibe khansa. Ndayezetsa zonse. Ndi khosi basi, monga ndinanenera. Kuondako n'chifukwa chosowa tulo.

Ankhazi, m'kasutikesimo mulibe zovala za m'bokosi. Muli kamakina ka sikani, kaja amaonera mwana m'mimba mwa mayi. Kamenekako sikatulutsa cheza, choncho sikafuna epuloni, ndipo ndingakagwiritse ntchito nditakhala pampando khosi lili chilili. Ndi kamakina kameneko ndingathe kulondolera singano mpaka pachiwindi n'kukoka mafinya, kutsegula impso yotsekeka, kapena kutapa kanyama ka chotupa kuti kakayezedwe, zonsezo popanda mpeni. Si zonse zimene ndinkachita kuno, mwina ndi theka chabe. Koma kwathuko anthu amang'ambidwa mimba kapena kutumizidwa kutali chifukwa cha zinthu zoti singano imodzi ikanatha.

Adada, ndikuuzeni chimene ndikuopa kutaya. Tsiku lina anandiitanira mayi wina amene anali atangobereka mwana wake woyamba. Magazi sankaleka, ndipo anzanga anali atakonzeka kuchotsa chiberekero kuti apulumutse moyo wake. Ndinapempha kanthawi. Ndinalowetsa waya, ndinaupeza mtsempha umene unkatayawo, ndinautseka. Pa sikirini magazi anangoti zii, ngati munthu watseka mpopi. Mayiyo anali maso nthawi yonseyo, atandigwira mkono wa malaya, akundifunsa ngati mwana wake wayamwa. Patapita zaka anandisaka m'chipatala monse kuti andionetse mwana wachiwiri. Ine chimwemwe changa chili pamenepo, pamene dzanja langa lili pa munthu ndipo iye akundiyang'ana. Zithunzi za pa kompyuta sizigwira munthu mkono wa malaya.

Choncho funso langa lija likadalipo. Ankhazi anati ndibwere, koma ankaitana maliro. Ine ndikufuna mundiitane ndili moyo, ndidzagwire ntchito. Kampani ija ikufuna yankho mwezi wa mawa.

Matiresiwo musabweze, ndidzagonapo ndithu. Amayi a Umanyano muwathokoze, muwauze kuti pemphero lawo layankhidwa lisanafike n'komwe kumwamba.

Mwana wanu wamoyo,
Marjorie

Chibanja
14 Juni 2023

Marjorie,

Monire. Kuti uli moyo ndathokoza Chiuta, ndinagwada ndi mawondo omwewa. Zimenezo zatha. Tsopano umve.

Ndinabwereranso ku Chintheche. Mwambo wokanena matenda ulipo, koma wokabweza uthengawo makolo sanatisiyire, ndinachita kuupanga ndekha. Ndinapeza kwaya itayamba kale kuphunzira nyimbo zako. Amalume ako anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti, "Ndiye mwabwera kudzatiuza kuti mwana wachira, kapena kuti simutha kuwerenga kalata, aphunzitsi?" Anthu anagubuduka ndi kuseka. Nkhuku imene anandipatsa ulendo woyamba anaiitanitsa.

Zimenezo ndapirira. Koma yankho langa ndi ili: usabwere. Pamene ndinkaganiza kuti ukufa ndikanakunyamula ngakhale kumsana. Popeza uli moyo, khala komweko, utenge ntchito ya pampandoyo. Khosi lipuma, dzanja lipulumuka, malipiro ndi abwino, ukufunanso chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Usaganize kuti ndikuopa pakamwa pa anthu, ngakhale kuti alankhula ndithu, ati anamuchotsa ntchito. Ndikuopa za iwe. Ndaphunzitsa ana anzeru ambiri, ena anapita kunja n'kubwerako ndi mitima yoyaka ngati wakowu. Ndawaona patapita zaka zochepa atazima, akungodandaula za magetsi, za zipangizo zosowa, za mankhwala otha, ena mpaka kulowerera m'mowa. Iwe unakwera pamwamba pamene mwana wa mphunzitsi wa pulayimale sanayembekezeke kufika. Ndinkakuona ukuwerenga utafunda bulangete, milomo ikunjenjemera ndi chisanu cha Mzuzu, ndipo ndinkadziuza kuti uyu yekha asadzavutikenso. Lero ukufuna kubwera ndi makina okwana m'kasutikesi, kudzagwira theka la ntchito imene unaphunzira? Zimenezo ine sindingadalitse.

Za mayi wa magazi uja ndawerenga, ndipo ndinachita kuvula magalasi. Ndiwe dokotala, mwana wanga, woposa mmene ndinkanenera kutchalitchi. N'chifukwa chake sindikufuna udzathere kuno.

Juzi yandikwana. Yewo.

Adada ako,
J. Longwe

Johannesburg
27 Ogasiti 2023

Adada,

Monire. Ndakhala chete chifukwa ndinkachita zimene munandiuza. Ntchito ya pampando ija ndinaiyamba mu Julaye. Ndinati adada sanandisocheretsepo, ndiyese.

Munanena zoona pa zambiri. Khosi lapepuka, dzanzi latsala chala chimodzi, ndipo ndimaweruka dzuwa likadalipo. Chipinda chake ndi chamdima, chozizira bwino, muli masikirini ndi mpando wofewa. Zithunzi zimabwera pa kompyuta kuchokera kuzipatala zimene sindinazionepo. Ndimayang'ana, ndimalemba zimene ndaona, chithunzi chimachoka, china chimabwera. Palibe amene amandipatsa moni, palibe amene amandiopa kapena kundithokoza. Sindidziwa ngati mwini chithunzi anachira kapena anaikidwa.

Sabata yatha kunabwera chithunzi cha mtsikana wina, chiwindi chitadzaza mafinya. Ndinaona pamene ndikanalowetsa singano. Zala zanga zinayamba kuyenda zokha patebulo, adada, ngati mmene zanu zimachitira mukaona bolodi ndi choko. Inali ntchito yosatenga nthawi, mtsikanayo akanagona tulo tsiku lomwelo. Ine ndinangolemba mizere itatu n'kudina batani. Nditatuluka ndinakhala m'galimoto osailiza, ndipo ndinadziwa kuti kuzima kumene mukundiopera kwathu kwandipeza konkuno.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndasiya ntchitoyo. Ndikubwera kumapeto kwa Sepitembala, ndipo ndiyamba pachipatala cha mishoni chija mu Okotobala. Magetsi azizima, zipangizo zizisowa, ndikudziwa, ndinabadwira komweko. Mwina ndidzalira. Koma ndidzalira ndili ndi wodwala patsogolo panga.

Chibadwire sindinakukanireni kanthu, aka n'koyamba, ndipo kakundiwawa kuposa khosi. Ndinalonjeza kuti sindisuntha musanandiitane, ndipo ndikuphwanya lonjezolo ndikudziwa. Kuti ndisakuchititseni manyazi pa Chibanja, ndapeza kanyumba ku Kaning'ina. Ndidzabwera kudzakupatsani moni ndi kutenga kasutikesi kanga. Mukadzandilandira ndidzathokoza, mukadzangondiyang'ana ndidzamvetsa. Koma mawu anu aja ndidzawadikirabe, ngakhale ndili kale m'mudzi.

Mwana wanu,
Marjorie

Chibanja
19 Novembala 2023

Marjorie,

Monire mwana wanga. Adada ako andiletsa kukuimbira foni pa nkhani zawo, koma za kulemba sananene, ndiye kalatayi ndapatsira wa njinga.

Usakhumudwe ndi mmene anakulandirira tsiku lija, kukupatsa dzanja ngati mlendo wa boma n'kubwerera ku nyuzipepala yawo. Utangotuluka pageti anaima pawindo mpaka unakhota. Mutu wa a Longwe ndi mwala, ndipo iwe watengera komweko, musandivutitse nonse awiri.

Dzina lako salitchula. Amangoti, "Kodi anthu a ku Kaning'ina aja akudya?" Ndikati kafunseni nokha, amathimitsa kamakina ka m'khutu. Koma mbiri yako yafika kale kumsika. Mayi wogulitsa tomato uja wandiuza za mlamu wake amene unamuchotsa madzi m'chifuwa ndi singano, akuti tsopano akukwera chitunda cha ku Masasa osapuma. Anandiwonjezera tomato atamva kuti ndine ankhazi ako. Ndinawafotokozera adada ako mokweza ndithu, iwo anangoti, "Tomato wake ndi wowola."

Chimene ndakulemberatu ndi ichi. Lachiwiri lililonse akumavala jekete ndi chipewa chija chophimba nkhope, n'kutuluka m'mawa osanena kumene akupita. Amabwera masana, nsapato zili ndi dothi lofiira. Ndikawafunsa akuti kokayenda. Munthu wa mawondo amenewo kokayenda! Ine sindikunena kanthu, koma paja iwe Lachiwiri ndi tsiku lako la singano?

Ndakutumizira ufa wa kondowole. Udye, ukadali woonda.

Ankhazi ako,
Esme

Chibanja
14 Januwale 2024

Mwana wanga Marjorie,

Monire. Uli bwanji ku Kaning'inako? Ndikudziwa kuti n'zoseketsa kulembera munthu amene ndingamufikire ndi njinga ya kabaza tiyi asanazizire. Koma pakamwa panga pamauma ndikakuona, ndiye undilole ndilankhule mmene ndinazolowera.

Ndakhala ndikubwera kuchipatala kwako. Ndimakhala pabenchi ya panja pa chipinda chako, pakati pa magadiyani, chipewa chili pamphuno. Ngati unandiona, yewo chifukwa chosandiyalutsa. Ndinkabwera kudzaona tsiku limene udzatuluke nkhope itagwa, kuti ndidzati, "Si ndinanena?" Ndine munthu woipa chonchi, adada ako.

Lachiwiri lina ndinakhala pafupi ndi bambo wina dzina lake Osman, wa golosale ku Masasa, kwawo ku Mangochi. Mkazi wake Tausi anali m'kati mwako. Bamboyo ankangopukusa mikanda yake yopempherera m'manja mwake, milomo ikuyenda. Anandiuza kuti mkaziyo wakhala akutentha thupi milungu yambiri, impso itatsekeka, ndipo kwina anawauza kuti opaleshoni sangaipirire, wafooka kwambiri. Anali atatumiza kale uthenga kwawo kuti abale akonzeke. Ulendo umenewo ine ndikuudziwa kulemera kwake, choncho ndinamugwira phewa.

Nesi wina potuluka anasiya chitseko chosatseka bwino. Ndinakuona. Unali pakampando, msana uli chilili, dzanja lamanzere likuyendetsa kamakina pa nthiti za mayiyo, lamanja lili ndi singano yaitali yoti ine ndikanakomoka. Maso ako sanali pa singano, anali pa sikirini. Unkalankhula naye mayiyo Chichewa cha kwawo, kumufunsa mitengo ya sopo. Magetsi anazima, ine ndinati lero ndi lero. Iwe sunatembenuke n'komwe, kamakina kako kanapitiriza ndi batire lake. Kenako unati, "Wongani, bwera uone apa," n'kugwira dzanja la dokotala wachinyamata amene unamuitanayo, kuliika pamwamba pa lako kuti amve mmene singano imalowera. Zoipa za mu impsomo zitayamba kutsikira m'thumba, unaseka. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza uli ku sekondale. Pa zithunzi zonse unkatumiza kuchokera ku Joni sunasekepo choncho.

Lachiwiri lotsatira Osman anabwera ndi mkazi wake akuyenda yekha, akukangana naye za makiyi a golosale. Anandizindikira, anandikumbatira, n'kundiuza kuti, "Bambo, wodwala wanu musamutengere kwina. Muli mayi umu, manja ake Mulungu anachita kuwasambitsa yekha." Anandifunsa kuti wanga akudwala chiyani. Ndinangoti akupeza bwino.

Theka la ntchito ndinkanena lija, mwana wanga, ndaliona ndi maso. Ngati limenelo ndi theka, ndiye kuti ine masamu ndinaphunzitsa molakwika. Unapempha mawu amodzi chaka chatha, ine ndinakumana. Bwera. Wabwera kale, koma bwera, ndakuitana ine adada ako.

Tsopano pali kanthu kena. Kumanzere kwa khosi langa, pamene kolala ya shati imabisa, pali chotupa. Chinayamba ngati nyemba, pano chafika ngati dzira la nkhunda, cholimba, chosapweteka. Ngakhale ankhazi ako sakudziwa. Ndinachibisa chifukwa ndimaopa mpeni, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti ndipita nacho kumanda osachionetsa munthu. Pabenchi paja ndasintha maganizo. Chimene chili m'katimo, chabwino kapena choipa, ndikufuna ndichimve kuchokera kwa iwe.

Lachiwiri likubwerali ndifika m'mawa ndi kabuku kanga ka kuchipatala, chipewa ndisiya kunyumba. Usandidumphitse mzere, anthu aja amachokera kutali. Nthawi yanga ikakwana uitane dzina langa lonse monga umaitanira wina aliyense, ndipo ine ndidzaimirira n'kuyankha kuti, "Ndabwera, adokotala."

Adada ako,
Joel Longwe